Chala cha a Nachisale pa Tsaya la Enelesi

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha a Nachisale. Abusa analalikira bwino, akwaya anaimba, ndipo mwana wawo anawerenga mbiri yawo papepala: anabadwira ku Zomba, anagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, anasiya zidzukulu zakutizakuti. Zonsezo n'zoona, koma ine chiimire padzuwa paja ndinkangoona ngati akunena munthu wina. Palibe anatchula za zigoba za mazira. Palibe ananena kuti mayiwa ankatha kukugwira kumaso pakati pa msika usanawapatse n'komwe moni. Palibenso anatchula mng'ono wanga Enelesi, amene anaima pafupi nane, imvi zili mbuu, kampango katabisa chipsera cha pakhosi. Ndiye ndati ndilembe ndekha, popeza ndinalipo, ndiponso pa nkhaniyo ine ndinali mbali yolakwa.

A Nachisale anabwera kuno nthawi imene boma linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Mwana wawo anali bwana mu unduna wina, ndipo anapatsidwa nyumba ku Area 47, kumene masiku amenewo kunali nyumba zowerengeka, udzu wofika m'khosi ndi fumbi la malole onyamula njerwa. Anzawo ankatsika m'malole osamutsawo atakumbatira mawailesi ndi magalasi. Iwo anatsika ndi chitete cha nkhuku. Mpongozi wawo analira misozi yeniyeni, ati kudera la mabwana sikuweta nkhuku, anthu atiseka. Mwana wawo anayesa kuwanyengerera m'Chizungu ndi m'Chichewa momwe, koma nkhukuzo zinakhala, ndipo zidzukulu zake zilipobe.

Lilongwe sanamukonde. Ankati ndi mzinda wopanda phiri, woti munthu sudziwa kumene mvula ikuchokera, ndipo mphepo yake ilibe mwambo. Ankatiseka ife akuno kuti timayenda ngati tonse tikupita kukagulitsa fodya. Zaka zonsezo ankalumbira kuti akadzafa akawaike kwawo ku Zomba. Koma atatsala pang'ono kutisiya anasintha okha, n'kunena kuti mafupa awo sangapirirenso msewu wautali ngati umenewo, angowaika konkuno m'fumbimu.

Sanali dokotala, sanalinso namwino wa mapepala. Ntchito yawo ku Zomba inali yowiritsa mipeni ndi masizasi, n'kumaimirira pambali pa dokotala wa opaleshoni kumupatsira zida. Anthu akawaitana kuti a Sisitala ankakwiya, ati musandiveke chovala cha eni ake. Koma mkati mwa khosi la munthu anaonamo kambirimbiri, ndipo zimene anaonazo anazisunga bwino kuposa mmene ife timasungira mavesi.

Ine ndinkagulitsa masamba mumsika wa ku Old Town, ndipo ndinawadziwa kudzera mwa mlamu wanga a Yohane, amuna ake a Enelesi. A Yohane anachoka kwathu ku Mitundu n'kudzapeza ntchito yosamalira maluwa ndi udzu panyumba pawo, ndipo ankagona m'boyizi kota kuseri. A Nachisale akabwera kumsika sankagula msanga. Ankayamba aima pamene pali mayi amene akugula matemba, n'kumufunsa ngati amawadula mitu pophika. Akavomera, ulaliki unkayambira pomwepo: mutu ndi minga ndiye chakudyacho, zinazo ndi fungo chabe. Mayi wapakati kapena woyamwitsa akadutsa ankamuyang'ana mano ngati akugula mbuzi. Ambiri mumsikamo ankati mayi a ku Zomba aja mutu wawo suli bwino, ndipo inenso ndinanenapo kangapo.

Pawindo la khitchini pawo pankakhala chitini chakale cha mkaka waufa. Dzira lililonse lodyedwa m'nyumbamo, chigoba chake ankachiwiritsa, kuchiyanika, n'kuchiponya m'chitinimo. Chikadzaza ankasinja mu kamtondo mpaka kusanduka ufa woti mbee, n'kumathira kansonga ka sipuni m'phala. Zidzukulu zawo zinkathawa phala la agogo. Mpongozi wawo anataya chitinicho kawiri, ndipo kawiri konse anachipeza chabwerera pamalo pake, chotsukidwa bwino.

Ukawafunsa chifukwa chake, ndiye kuti ntchito yako ya tsiku limenelo yaima. Ankati m'thupi muli chinthu chotchedwa kashiamu, chimene iwo ankangochitcha laimu wa m'thupi, popeza laimu wopaka nyumba tinkamuona paliponse masiku omanga mzinda aja. Laimu ameneyu amakhala m'mafupa ngati chimanga m'nkhokwe, koma magazi amafuna pang'ono nthawi zonse, osachuluka, osachepa, kuti mtima ugunde bwino ndi minofu imvere. Ndiye kuseri kwa chithokomiro, m'khosimu, muli tinthu tinayi tating'ono ngati njere za mphodza. Iwo ankatitcha alonda. Alondawa amalawa magazi usana ndi usiku. Laimu akachepa amatumiza uthenga m'magazi momwemo: mafupa atulutseko, impso zisataye ndi mkodzo, matumbo atole wambiri m'chakudya mothandizidwa ndi dzuwa limene khungu lawothera. Akakwanira, alonda amakhala chete. Ankamaliza n'kunena kuti alondawo sadziwa chisoni, kwa iwo magazi ndiye oyamba, ndipo ukapanda kudya zoyenera amakokolola nkhokwe mpaka kutsala nsungwi zokhazokha. Ine ndinkangovomera kuti eya, maso ali kwa makasitomala.

Enelesi anali ndi chithokomiro chotupa kuyambira ali mtsikana, monga analili amayi ambiri kwathu. Pa mimba iliyonse chinkakula, ndipo atabereka mwana wachitatu chinayamba kumutsamwitsa akasenza ndowa. Tsiku lina atabwera kudzaona amuna ake, a Nachisale anamumva mmene ankapumira, ndipo sanamulole kubwerera kumudzi. Anamukakamiza kupita kuchipatala, madokotala anamuchita opaleshoni, ndipo patatha sabata anatuluka khosi lili lopyapyala ngati la namwali. Tonse tinasangalala. Anakhala m'boyizi kota muja kuti bala lipole, khanda lake lili kubere.

Apa ndiyenera kufotokoza za mchere, chifukwa ana a masiku ano sazidziwa. Kwathu munthu wa bala kapena mayi woyamwitsa timati ndi wozizira, pamene munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi timati ndi wotentha. Wotenthayo akathira mchere m'ndiwo za wozizira, amamudula, ndipo matenda ake timawatcha mdulo. Mwamuna amene mkazi wake akudwala amayenera kudzisunga. Mkaziyo akadwalika atadya mchere wa m'dzanja lake, palibenso chofunsa, ndiye kuti bamboyo anayenda kumbali.

Woyenera kumuphikira Enelesi ndinali ine, koma msika sunkandilola tsiku lililonse, choncho masiku ena ankaphika a Yohane. Ndipo ine ndinali ndi kanthu kanga mumtima. Katatu konse ndinawaona mlamu wangayo mumsika ataima kwa mayi wina wogulitsa matemba, mayi wonenepa bwino wa ndolo zazikulu, akuseka mpaka kugwirana m'manja. M'tauni yatsopanoyi mabanja ankatha ngati masewera, amuna atazolowera ndalama za pamwezi. Sindinawafunse kanthu. Ndinangosunga.

Patatha masiku anayi chitulukire m'chipatala, ndinafika m'mawa n'kumupeza Enelesi ali pamphasa kuseri kwa nyumba, akulephera kunyamula mwana. Manja ake onse awiri anali atauma. Zala zinali zitaphatikana, chala chachikulu chitalowa mkati, dzanja litapindikira pansi, ndendende mmene munthu amachitira akamatapa mchere woti athire mumphika. Nditangoona dzanja limenelo ndinati uwu ndi mdulo basi. Ndinauza dalaivala wa basi ya ku Mitundu kuti akadziwitse malume athu a Zakeyu, eni mbumba, kuti abwere msanga, mwana wawo wadulidwa.

A Zakeyu anafika mawa lake dzuwa litakwera. Sanali munthu waukali, anali mkulu wa mpingo wolankhula pang'onopang'ono, koma atagwira dzanja la Enelesi n'kulephera kuliwongola, nkhope yawo inasintha. Anafunsa amene ankathira mchere. A Yohane anavomera kuti ndi iwo, n'kugwada pansi kulumbira kuti sanayendepo ndi mkazi wina chibwerere m'tauni. Malume anangowaonetsa dzanja lija n'kunena kuti thupi la mwana wawo lanena lokha. Analamula kuti ndimange katundu, tikakwere basi ya masana, Enelesi akaonedwe ndi sing'anga kumudzi, ndipo ankhoswe akakumane kuti banja lithe. Ine ndinamanga katunduyo mokondwa, sindibisa.

A Nachisale anali atapita ku Zomba kumaliro masiku awiri, ndipo anali atangofika kumene m'mawa womwewo. Anatulukira pakona pa nyumba atanyamula chakudya cha nkhuku. Sanapereke moni kwa aliyense. Anaika mbale pansi, n'kugwada pamaso pa Enelesi, n'kumufunsa ngati milomo ikuchita dzanzi. Enelesi anavomera ndi mutu. Atamufunsa kuti zinayamba liti, anaulula kuti zinayambira kuchipatala konko, koma anabisa poopa kuti amugonekanso, mwana akuvutika kunyumba. Pamenepo a Nachisale anatambasula chala chawo chapakati n'kumugogoda patsaya, patsogolo pang'ono pa khutu. Mlomo wa Enelesi unadumpha wokha. Anagogodanso, unadumphanso. Kenaka anaika khutu pakhosi pake, ndipo tonse tinamva kuti mpweya ukulowa ndi kamluzu.

Anadzuka n'kukaima pageti, manja m'chiuno. Malume anawauza mwaulemu kuti iyi ndi nkhani ya pamtundu, mayi a bwana asavutike nayo.

"Bambo, za mdulo sindikutsutsani, inenso ndinakulira momwemo," anatero a Nachisale. "Koma ichi ndikuchidziwa, ndinachionapo. Alonda a m'khosi mwake anadzidzimuka ndi mpeni, agona, ndipo mwana akuyamwa kotsalako. Lero zauma zala. Chotsatira ndi kholingo. Mukamukweza basi, ku Mitundu mukatsitsa mtembo."

Malume anafunsa ngati iwo ndi dokotala. Anayankha kuti ayi, ndi wotsuka mipeni chabe. Kenaka anapempha kuti awabwereke Enelesi mpaka dzuwa lipendeke. Manja akapanda kutseguka, amutenge, ndipo katundu akamusenza a Nachisale okha mpaka kudepoti. Sindidziwa ngati malume anagonja ndi mawuwo kapena ndi kamluzu kaja, koma anakhala chete, ndipo kwa a Nachisale kukhala chete kunali kuvomera.

Galimoto inali itapita ndi mwana wawo kuntchito ku Capital Hill. A Nachisale anatuluka pamsewu, n'kuvula chitenje chapamwamba, n'kuima pakatikati akuchikupiza. Lole yoyamba kubwera inali ya mchenga. Dalaivala anatsika akutukwana, koma sanamalize n'komwe, anapezeka akuthandiza a Yohane kukweza Enelesi kutsogolo. Ine ndi malume tinakwera pamwamba pa mchenga, ine nditabereka khanda, malume atagwira chipewa chawo ndi manja awiri.

Kuchipatala kunali mzere wautali, ndipo a Nachisale kumeneko sankadziwika ndi aliyense. Anadutsa mzere wonsewo ngati saukuona. Namwino atawaletsa pakhomo, anapempha kuti dokotala angoyang'ana kamodzi kokha. Dokotalayo anali wachinyamata, wotopa, ndipo anatuluka ali wokonzeka kukalipa. A Nachisale sananene zambiri, anangomuonetsa bala la pakhosi, n'kugogoda patsaya paja. Mlomo utadumpha, dokotala anasiya zonse n'kuitanitsa jakisoni. Ine ndinkaonera pawindo. Mankhwalawo ankawalowetsa mumtsempha pang'onopang'ono kwambiri, moti ndinayamba kuganiza kuti palibe chichitike. Kenaka chala chachikulu chinatuluka m'dzanja muja. Zinazo zinatsatira chimodzichimodzi. Chinthu choyamba chimene Enelesi anachita ndi manja akewo chinali kuwatambasulira kuwindo kumene ndinaima, kufuna mwana wake.

Panja, pansi pa mtengo, malume ananena kuti mankhwala achizungu atseguladi manja, koma mlandu ukadalipo, popeza pali mboni imene inaona mkamwini ndi mkazi wina. A Nachisale anafunsa kuti mboniyo ndani. Ndinadzionetsa, n'kufotokoza za mayi wa matemba uja, ndolo zake ndi kuseka kwake komwe. Ndinkayembekeza kuti adabwa.

"Ndinkawatuma ndine," anatero a Nachisale. "Matemba amenewo ankadya ndi mng'ono wakoyu, kuti alowe mu opaleshoni nkhokwe ili ndi kanthu. Mayiyo ankawaseka chifukwa ndinawauza kuti azisankha a mitu yawo. Iwe unawaona katatu, osawafunsa ngakhale kamodzi?"

A Yohane anali chapatali, atakhala pamwala, ndipo sanadzutse mutu.

Tsiku limene Enelesi anatulukanso m'chipatala, a Nachisale anaphikitsa matemba otendera, koma analetsa kuthira mchere. Titakhala tonse pamphasa anatenga kambale ka mchere n'kupatsa a Yohane, pamaso pa malume. A Yohane anathira mcherewo m'ndiwo. Anayamba kudya ndi a Nachisale, kenaka Enelesi, osayang'ana munthu. Malume anatsuka kukhosi, n'kupemphera pemphero lalitali kuposa la masiku onse, n'kudya. Ine ndinadya pomaliza, ndipo sindikumbuka kukoma kwake.

A Nachisale anandiuza kuti ndikapepese kwa mlamu wanga. Ndinakana, n'kunena kuti pachilamu sitipepesana, timangoselewulana nkhani n'kutha. Sanatsutsane nane. Anangosiya kugula masamba anga. Ankabwera mumsika, kundipatsa moni bwinobwino, n'kudutsa kukagula kwa mnzanga wa pambali, bonongwe wofota amene ngakhale mbuzi ikanamukana. Anachita zimenezi dzinja lonse. Pamapeto pake ndinagula thadzi, n'kukwera nalo basi mpaka ku 47, n'kukagwada kwa a Yohane. Iwo anachita manyazi kuposa ine, n'kumangoti zinatha kale alamu, dzukani. Thadzilo linalowa m'khola la a Nachisale, ndipo m'mawa mwake mayiwo anabwera kumsika kudzandidandaulira kuti mpiru wanga wakwera mtengo.

Patapita zaka anandiuza chinthu chimene sindinkachiganizira. Ankadziimba mlandu. Opaleshoni ija anaikakamiza ndi iwo, ankadziwa bwino zimene zimatha kutsatira, koma tsiku limene Enelesi anatuluka iwo anali pa mkangano wa nkhuku ndi mpongozi wawo, kenaka kunabwera uthenga wa maliro, ndipo sanamugogode. Ankati dokotala sangamunene, tinthu tija ndi tating'ono moti ngakhale waluso amatha kutikhudza, koma iwo analibe chowiringula. N'chifukwa chake kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse, Enelesi ankayamba wapita pakhonde kumene iwo ankawothera dzuwa pampando wawo wa nsungwi, n'kuwerama, iwo n'kumugogoda patsaya. Alonda a Enelesi sanadzukenso bwinobwino. Mpaka lero amamwa mapilitsi, ndipo kumudzi sanabwererenso kukakhala. Mlomo ukadumpha, a Nachisale ankamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo, kaya kuli ukwati kaya kuli chiyani.

Chimene chimandipweteka n'choti mafupa amene anagonja anali awo omwe. Ndi zigoba zonse zija, ndi mitu yonse ya matemba, anayamba kufupika tikuona. Msana unapindika, madiresi anayamba kukwekwereza pansi. Ndinawaseka tsiku lina kuti nanga ufa wa mazira uja unapita kuti. Anaseka nawo, n'kunena kuti mkazi akasiya kusamba nkhokwe imayamba kudontha, ndipo iwo anabereka ana asanu ndi awiri pa nthawi imene sankadziwa kanthu. Alonda awo ankati sawadandaula, akugwira ntchito imene anapatsidwa. Anathyoka fupa la m'chiuno potsika sitepe imodzi yokha ya pakhonde, akupita kukatsegulira nkhuku. Sanayendenso.

Miyezi yomaliza a Yohane ndi amene ankawanyamula m'mawa kukawakhazika pampando paja. Manja a mayiwo anali atayamba kunjenjemera, moti akati agogode Enelesi chala chinkagwera pakhutu kapena pachibwano. M'mawa wina ndili pomwepo anaitana a Yohane kuti asiye khasu, asambe m'manja. Anagwira chala chawo chokhakhala chija n'kuchiika patsaya la Enelesi, n'kuchisuntha pang'ono mpaka chitafika pamalo pake. Anawabwerezetsa kangapo, akuwakalipira kuti sakukhoma msomali. Atakhutira anatsamira kumbuyo n'kunena kuti basi, tsopano angathe kupuma.

Titachoka kumanda Loweruka lija ndinakagona kwa mng'ono wanga, ndipo m'mawa ndinazungulira kukhonde. Nyumba ija tsopano ili mu mpanda wa njerwa, ndipo mitengo imene a Yohane anabzala yatalika kuposa denga. Mpando wa nsungwi anauchotsa, koma pasimenti patsala timabowo pamene miyendo yake inkakhala, ndipo dzuwa limafikabe pomwepo poyamba. Mpongozi wawo, amenenso wakalamba, sanaikepo mphika wa maluwa ngakhale khonde lonse ladzaza nayo. Chitini chili pawindo, chadzaza mpaka pakamwa, palibe wosinja.

Ndili chiimire choncho, Enelesi anatulukira kuseri akumanga mpango. Sanandione. Anafika pamalo opanda mpandowo n'kuima, monga wachitira zaka zonsezi. Posakhalitsa a Yohane anabwera kuchokera kumaluwa, akupukuta dzanja pa malaya. Enelesi anapendeketsa mutu, iwo n'kumugogoda patsaya kawiri, n'kudikira, maso ali pamlomo pake. Mlomo sunadumphe. Anatola khasu lawo n'kubwerera kumaluwa, ndipo Enelesi anapita kukatsegulira nkhuku.